Wa Pachala Ngwa Mphepo

Amene anaonapo agogo akukoka fodya wopera savutika kumva mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Agogo amamasula kabotolo pa mfundo ya chitenje, kugogoda pang'ono pachikhatho, n'kutsina ndi zala ziwiri. Kuchoka pachikhatho kukafika pamphuno mtunda wake sukwana ndi mkono womwe, koma mwera ukamaomba pa chidikha cha Kasungu mu Julayi, fodya uja atha kuthera panjira. Anamulima ndi iwo, anamupera ndi iwo, ali pachala chawo, komabe sanakhale wawo kufikira atalowa m'mphuno.

Ife a kwa Kapelula mwambiwu timaudziwa ndi thupi lomwe. Fodya ali m'munda si ndalama, matalala a ola limodzi atha kumuboola tsamba lililonse. Ali m'chigafa pa mikangala si ndalama, chimphepo chitha kusasula denga usiku. Ngakhale belo litadindidwa, litakwera galimoto, litafika pa okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, litha kubwezedwa, kapena kugulidwa pa mtengo umene sufika n'komwe pa ngongole ya feteleza. Pamenepa mlimi wa fodya sanamizidwa, amawerenga yokhayo imene yalowa ku banki. Chimene chimandipweteka n'chakuti mlimi yemweyo, wochenjera chonchi pa fodya, akafika pa zomangamanga nzeru ija amaisiya pakhomo. Amatenga ndalama imene inafika kale pamphuno, n'kuibwezera pachala, n'kukaima nayo pamphepo.

Titenge chitsanzo cha dziwe. Maiwe osambiramo kuno ndi osowa. Lilipo ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu imene Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsegula mu 1981, ndipo alipo kuseri kwa mipanda ya ku Area 10 ndi Area 43 ku Lilongwe, komanso m'malo ogona alendo a kunyanja. Eni ake akafuna kuwakonzetsa amalira zomwe tikulira ife: mmisiri walandira ndalama, wagumula, wasowa. Koma kuseri kwa nyumba za alimi ena kuno kuli dziwe la mtundu wina, lokumbidwa pansi, la njerwa ndi simenti, ena amangoti thanki. Limalandira madzi a padenga nthawi ya dzinja, kapena a pachitsime opopedwa ndi pampu. Ntchito yake imaoneka mu Ogasiti ndi Seputembala, pamene nazale ya fodya yafesedwa ndipo mabedi akufuna kheni m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku, mpaka mvula yowokerera itagwa. Pambali pake pamakhala mpiru, tomato ndi anyezi. Dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, ana amadumphiramo akulu asakuona. Amene anaona njala ya 2001 ndi 2002, imene inakantha Kasungu koopsa, safuna kuuzidwa kufunika kwa madzi a m'chilimwe pakhomo. William Kamkwamba wa kwa Wimbe, pomanga makina ake a mphepo ndi zitsulo zotola ali mnyamata wa zaka 14, loto lake lalikulu linali lomweli: kutulutsa madzi pansi kuti banja lizikolola kawiri.

Azakhali anga ali ndi dziwe lotere. Analimanga malemu amuna awo m'zaka zimene fodya ankayenda bwino: mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi, kuya kwake mita ndi theka. Likadzaza tho, mumakhala malita 18,000, zigubu 900 za malita 20, ndipo kulemera kwa madziwo ndi matani 18. Nambala yomalizayi ndaitchula dala, chifukwa ambiri tikamaona madzi ali phee timaiwala kuti akukankha khoma usana ndi usiku. Malemuwo atayamba kudwala, dziwe lija linakhala zaka lili gwa, dzuwa likuliwamba, ndipo linang'aluka pa ngodya ina kuchoka pamwamba mpaka pansi. Linkasungabe madzi ofika m'mawondo. Chaka china atagulitsa mabelo awo, azakhali anati ndalama isathere m'zakudya, akonzetse dziwe nazale isanayambe.

Mmisiri sanachokere kutali. Anali munthu wodziwika, womanga nyumba zingapo zimene zikuimabe, wopemphera pa mpingo woyandikana nawo. Anali ndi anyamata awiri, wilibala, levulo ndi njinga yamoto, ndipo kuno munthu wotere timamutcha kontirakitala. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, iye pampando, iwo pamphasa.

"Mayi, ntchito iyi ndi ya masabata atatu, ndipo ifuna matumba khumi. Mundipatse ya simenti yonse ndi theka la yanga, kuti ndisamabwerebwere kudzakuvutitsani."

"Zikomo amisiri. Ine zomangazi sindizidziwa, bambo a kuno ndiwo ankadziwa. Muone ndinu."

Anawerenga ndalama pamphasa pomwepo. Panalibe pepala, panalibe mboni, kupatula kamdzukulu kamene kankasewera ndi chitsononkho.

Sabata yoyamba inali yosangalatsa. Anyamata anagumula pulasitala wakale, anakumba kunja kwa khoma long'aluka, pakhomo pali phokoso la nyundo ndi fosholo. Matumba anabwera anayi, ena akuti ali m'njira. Sabata yachiwiri kunagwa maliro kwawo kwa mmisiri, ndipo pa maliro palibe amene amafunsa za ntchito. Yachitatu njinga inawonongeka. Kenako foni inayamba kungoitana, kenako osapezeka. Julayi anatha, Ogasiti analowa, anzawo a azakhali anayamba kutentha mabedi ndi kufesa.

Pa zowawa zonse za nkhani ngati iyi, chowawitsa ndi ichi: ntchito yosiyidwa pakati imaipa kuposa yosayambidwa. Dziwe long'aluka linkasunga madzi a m'mawondo, dziwe logumulidwa silisunga ndi kapu yomwe. Mwini ntchito amakhala womangika. Sangaitane mmisiri wina chifukwa ndalama ili kwa woyamba, ndipo mmisiri wachiwiri amaopa kulowa pa ntchito ya mnzake, poti mawa adzakumana pa maliro kapena pamsika. Sangakalipe kwambiri, poopa kuti munthu uja angapsere mtima n'kusabweranso. Amene wapereka ndalama ndiye amayamba kupembedza amene walandira. Ndinawaona azakhali akutuma mwana ndi nkhuku kwa munthu amene anali ndi ndalama yawo, kuti mwina mtima wake ufewe.

Mmisiri uja anabwera kumapeto kwa Ogasiti. M'masiku awiri dziwe lonse linapakidwa, pamwamba n'kutsirapo simenti yamadzimadzi, khoma lili see, lonyezimira, moti odutsa ankaima n'kumayamikira. Atangotha masiku atatu anati mutha kuthira madzi, mayi, ndipo mundipatse yotsala ija. Mwamwayi yotsalayo inali isanatapidwe ku banki. Madzi anathiridwa. M'mawa mwake anali atatsika chikhatho chathunthu, mkuja chinanso. Pogogoda khoma ndi msomali, malo ena pankamveka mphako. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa mawu aja akuti "zomangazi sindizidziwa" ndi amene amatipha, pamene zofunika kudziwa si zambiri.

Ambiri timaganiza kuti simenti imalimba chifukwa yauma. Si choncho: imalimba chifukwa ikumwa madzi. Khoma lopakidwa kumene limafuna kunyowetsedwa kosalekeza kwa masiku osachepera 7, litaphimbidwa ndi masaka kapena udzu, ndipo mphamvu yake imakwanira bwino pa masiku 28. Mphepo ndi dzuwa la Ogasiti zimayamwa madzi a m'pulasitala m'maola ochepa, n'kusiya timing'alu tosaoneka ndi maso, koma madzi amatiwona. Kasakanizidwe nako n'kosabisika. Pa khoma losunga madzi, ndowa imodzi ya simenti imayenda ndi ndowa zitatu za mchenga. Munthu amene ali ndi matumba anayi pa ntchito ya matumba khumi sangachitire mwina, awonjezera mchenga, ndipo simenti yonyezimira ya pamwamba ija ntchito yake ndi kubisa zimenezo. Mchengawo uyenera kukhala wa kumtsinje, wotsukika. Wa pafupi, wokumba m'mphepete mwa dambo, umakhala ndi dothi. Kuuyesa sikulira sukulu: thirani mchenga m'botolo, onjezani madzi, khutchumulani, siyani ukhazikike. Dothi limadzakhala pamwamba pa mchenga, ndipo likachuluka, mchengawo si wa dziwe. Thumba la simenti la makilogalamu 50 likakhala miyezi pamalo a chinyontho limachita mibulu, ndipo mphamvu yake imakhala itachepa ngakhale mutaiphwanya.

Kukonza chakale n'kovuta kuposa kumanga chatsopano. Mng'alu sungopakidwa pamwamba. Umayamba wakulitsidwa, kutsukidwa, kuikidwa waya, kenako kudzazidwa. Pamene khoma likumana ndi pansi, pangodya, ndi pamene madzi amakonda kuthawira, ndipo mmisiri wodziwa amapaundira simenti kuti ngodyayo ikhale yozungulira. Khoma lakale limasemedwa kuti likhale lokhakhala, kuchotsedwa fumbi, n'kunyowetsedwa lisanapakidwe. Mayi aliyense wozira nyumba amadziwa zimenezi: sazira pa fumbi, amayamba wasesa n'kuwaza madzi, apo ayi dothi limakakatuka lisanathe sabata. Komanso mmisiri ayenera kufunsa chimene chinang'alula khoma poyamba. Kodi ndi mizu ya mtengo? Kodi ndi dothi la makande, limene limatupa m'dzinja n'kunyala m'chilimwe, likukankha ndi kukoka khoma chaka ndi chaka? Wosafunsa funsoli akupaka mng'alu umene udzabwerenso pamalo pomwepo.

Zonsezi azakhali akanatha kuziona ndi maso awo, atakhala pamphasa yomweyo. Simenti imapangidwa m'boma lathu lomwe lino, ku fakitale ya Shayona, malole ake timawaona pamsewu, koma kadyedwe kake ka madzi tinasiyira amisiri okha ngati kuti ndi chinsinsi cha kudambwe.

Achinyamata a pamudzi anati tikamulande njinga. Ena anati kupolisi. Azakhali anapita kwa amfumu. Pabwalo ndinalipo, ndipo zimene ananena mmisiri uja ndi zimene zandilembetsa nkhaniyi.

"Amfumu, sindikana. Ndalama ya mayiwa ndinalandira, simenti ndinagula yonse khumi. Matumba asanu ndi limodzi ndinakamalizira sitolo ya bambo wina, amene simenti yake ndinamalizira nyumba ya munthu winanso chaka chatha. Mwini nyumbayo anati adzandilipira fodya akagulitsa. Fodya anagulitsa, njinga yamoto anagula, ine ndikungoyendera mpaka lero. Anyamata angawa amadya tsiku ndi tsiku, sadikira okushoni. Ndinkati akandipatsa uko ndidzabweza kuno mayiwa asanadziwe."

Pabwalo panali zii, chifukwa ambiri amene anakhala pamenepo anali ndi mmisiri wawo amene sanamalize kumulipira.

Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti mwambi uja uli ndi mbali ziwiri. Kwa mwini ntchito, ndalama yoperekeratu ndi fodya wa pachala. Kwa mmisiri, malipiro a "ndikagulitsa" ndi fodya wa pachala nayenso. Khoma akalimanga sangalinyamule kubwerera nalo kwawo. Thukuta lake limakhala m'nyumba ya mwini, mwini akugonamo, iye akuyenda wapansi kukakumbutsa ngongole, n'kumauzidwa kuti bambo achokapo. Akapsa kawiri katatu, amaphunzira kufuna ndalama patsogolo, ndiponso kugwira ntchito zitatu nthawi imodzi, kuti ina ikakanika ina imudyetse. Mapanga awiri avumbwitsa, koma munthu amathamangira phanga lachiwiri chifukwa loyamba linamudonthera. Onjezanipo za ndalama yathu. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mmisiri amene anagwirizana mtengo wa ntchito yonse, zipangizo zili momwemo, sabata imodzi izi zisanachitike, anadzuka m'mawa ndalama ili m'thumba yosakwanira matumba amene analonjeza. Anatsala ndi njira ziwiri: kubwerera kwa mwini ntchito kukanena zoona, kapena kuwonjezera mchenga. Ambiri anaopa njira yoyamba.

Sindikumuchotsera mlandu mmisiri wa azakhali. Ananama za njinga, anazimitsa foni, ndipo choipitsitsa, anapaka khoma akudziwa bwino lomwe kuti silisunga madzi, n'kupemphanso yotsala kwa mayi wamasiye. Umenewo ndi mlandu, ndipo umphawi suufafaniza. Koma tikangoti amisiri ndi akuba n'kuthera pomwepo, sitinaone kanthu. Ngongole imodzi yosabwezedwa imayenda khomo ndi khomo m'matumba a simenti, ndipo imakagwera amene ali kumapeto, kawirikawiri wofooka, wosadziwa kukalipa. Dziwe la azakhali linadontha chifukwa cha munthu amene iwo sanamuonepo, amene anagula njinga yamoto ndi malipiro a mnzake.

Ndiye n'chifukwa chiyani sitilemba? Ndikafunsa, yankho limakhala limodzi: manyazi. Munthu wa pamudzi pomwe pano, timadya naye pa zikwati, ndimuuze kuti asaine? Aona ngati ndikumuyesa wakuba. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Chodabwitsa n'chakuti ife si anthu oopa cholembera. Pa maliro, chipepeso chilichonse chimalembedwa m'kope, ufa, nkhuni, ndalama, ndipo chimawerengedwa pagulu, wina osakwiya. Ku banki mkhonde amayi amalemba kwacha iliyonse, bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndipo onsewo ndi apachibale ndi apaubwenzi. Kutchalitchi chopereka chimawerengedwa ndi anthu awiri kapena atatu. Mlimi wa pa kontirakiti amasainira kampani ya fodya mapepala asanalandire thumba limodzi la feteleza. M'malo onsewa tinavomereza kale kuti kulemba kumateteza ubale. Pa mmisiri pokha, pamene pakudutsa ndalama ya chaka chathunthu, ndi pamene timati tikhulupirirane. Ine ndimaona kuti pangano la pakamwa ndilo limadanitsa anthu, chifukwa pakatha miyezi iwiri aliyense amakumbukira mbali yomukomera, ndipo onse awiri amalumbira moona mtima.

Abale athu a ku Joni ndiye zawo n'zomvetsa chisoni koposa. Amatumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ntchito ikuyang'aniridwa ndi mlamu, umboni wake ndi zithunzi za pa WhatsApp. Chithunzi chimaonetsa khoma losalala, sichionetsa kuchuluka kwa mchenga. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Wina amadzafika pa Khirisimasi n'kupeza kuti pa ndalama ya matumba khumi, mlamu anadyapo awiri, mmisiri awiri, ndipo aliyense akuloza mnzake.

Vutoli si la kuno kokha, ndipo si la lero. Ku Babulo, zaka zoposa 3,700 zapitazo, malamulo a mfumu Hammurabi anali kale ndi ndime za omanga nyumba, ndipo imodzi inkalamula kuti khoma likayamba kugwedera chifukwa cha ntchito yosalongosoka, womangayo alilimbitse ndi ndalama yake. Chilamulo cha Mose, m'buku la Deuteronomo, chinaima mbali inayo: waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Anthu akale anaona kuti malamulo awiriwa amayendera limodzi. Kuno kwathu lamulo la 1996 linakhazikitsa bungwe la National Construction Industry Council kuti lizilembetsa ndi kuyang'anira makontirakitala. Pa ntchito zikuluzikulu, za misewu ndi masukulu, kontirakitala salandira zonse pakamodzi. Amalipidwa gawo ndi gawo, woyang'anira akayeza zimene zachitika, ndipo kagawo kena kamasungidwa mpaka papite miyezi yoonera ngati ntchitoyo ili ndi chilema. Sindikunena kuti kumeneko zonse zimayenda bwino, tonse taonapo midadada ya sukulu yosiyidwa pa windo, udzu utamera m'kati. Koma nzeru yake ndi yolondola, ndipo sifuna ofesi. Mmisiri wa pamudzi sapezeka m'kaundula wa ku Lilongwe. Amene angamugwire ndi mfumu, mboni, ndi mbiri yake. Mukafuna kupita ku khoti la majisitireti, pangano la pakamwa nalo ndi pangano, koma adzakufunsani umboni, ndipo kamdzukulu kosewera ndi chitsononkho si umboni. Ngakhale uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba umaposa ndalama yowerengera pamphasa, chifukwa umasunga tsiku ndi kuchuluka kwake.

Amfumu sanalamule kuti njinga ilandidwe. Anati munthu mukamulanda miyendo abweza bwanji? Chigamulo chawo chinali chakuti mmisiri agumule zonse zimene anapaka, abweze matumba asanu ndi limodzi aja awiriawiri, ntchito aibwereze popanda malipiro ena, ndipo yotsala ija adzalandire dziwe likasunga madzi. Anatumanso nduna yawo kwa mfumu ya mwini nyumba uja, kuti nkhani ya ngongole ya chaka chatha ikambidwe kumeneko. Mphunzitsi wina analemba zonse pa pepala la m'kope, mbali ziwiri zinasaina, pepala lina kwa amfumu.

Ulendo wachiwiriwu unayenda mosiyana. Simenti inkagona m'nyumba mwa azakhali, pa matabwa, ndipo inkatuluka thumba limodzilimodzi, thumba lopanda kanthu likabwerera. Mchenga unabwera pa ngolo kuchokera kumtsinje, ndipo anauyesa m'botolo pamaso pa mmisiri. Iye sanakwiye. Ndinaona ngati zinamupepukira, chifukwa simenti imene sili m'manja mwako sungakamalizire nayo sitolo ya wina, ngakhale mwini sitoloyo atakuopseza chotani. Anakumba pa ngodya ija n'kupeza muzu wa mango wonenepa ngati dzanja utatsamira khoma, umene ulendo woyamba anangoukwirira. Kuthirira khoma azakhali anakutenga kukhala kwawo. M'mawa kusanache, masana ndi madzulo, ankanyowetsa masaka ndi kheni yomwe ija ya nazale, ndipo mmisiri atanena kuti sabata yakwana, iwo anapitirizabe sabata ina.

Poyesa, anadzaza dziwe n'kulemba mzere ndi khala pamene madzi alekeza. Pambali anaikapo ndowa ya madzi, nayonso ndi mzere wake. Nzeru yake ndi yakuti dzuwa ndi mphepo zimamwa m'dziwe ndi m'ndowa mofanana, choncho madzi a m'dziwe akatsika kuposa a m'ndowa, ndiye kuti ena akulowa pansi. Patapita masiku atatu mizere iwiri ija inatsika mofanana. Azakhali anatulutsa yotsala ija pamaso pa mphunzitsi ndi nduna, osachotsapo ngakhale tambala ya nkhuku ija, ndipo anaphika nsima.

Koma nazale ya chaka chimenecho inali itapita kale. Dziwe linayamba kugwira ntchito mu Okutobala. Mabedi anafesedwa mochedwa kudambo, madzi ake osenza pamutu, mbande zina zinapsa, ndipo powokera anachita kugula zina kwa anzawo. Munda unachepa, mabelo anachepa. Bwalo linabweza simenti, silinabweze nyengo. Pa ntchito ya madzi kuno, kuchedwa kwa masabata asanu ndi limodzi ndi kutaya chaka, ndipo n'chifukwa chake tsiku lomaliza ntchito liyenera kulembedwa pa pepala limodzi ndi mtengo, ndi chimene chidzachitike tsikulo likadutsa.

Ena adzati zonsezi n'zochulutsa pa kadziwe ka mamita anayi. Ine ndikuti pamene ndalama ili yochepa ndi pamene kusamala kukufunika kwambiri, chifukwa mwini dziwe la ku Area 43 akapsa amaitana loya n'kuyambiranso, pamene mayi wa kwa Kapelula akapsa amadikira okushoni ya chaka chamawa. Ntchito iduleni m'zigawo zing'onozing'ono, kugumula, kutseka mng'alu, kupaka, kuyesa, ndipo gawo lililonse likatha lipirani tsiku lomwelo, kuti pasakhale wina wosenza zambiri za mnzake. Zipangizo gulani nokha, mtengo ukakwera ukwerere inu poyera, osati m'khoma mobisika. Musanamupatse munthu ntchito, pitani mukaone dziwe kapena thanki imene anamanga zaka ziwiri zapitazo, chifukwa womanga bwino nyumba si onse amene amadziwa kumanga chosunga madzi. Ndipo dziwe likatha, litchingireni ndi mpanda kapena chivundikiro. Mita ndi theka ndi kuya kopitirira mwana.

Kwa inu amisiri, mawu anga ndi ochepa. Zikavuta, bwerani mudzanene simenti isanasakanizidwe. Mwini ntchito atha kukalipa tsiku limodzi, koma khoma lodontha lidzakunenani zaka khumi, ndipo pamudzi palibe amene sadziwa kuti dziwe lakutilakuti anamanga ndani.

Koma amene ndikufuna kwambiri kuti amve ndi inu amene mukugona m'nyumba yomalizidwa, kapena mukugulitsa m'sitolo yopakidwa bwino, pamene amene anaimanga akuyenderabe malipiro ake. Mwina mumati ndi nkhani ya inu ndi iye basi. Ndalama imene mwaigwirayo ikukachotsedwa pa simenti ya munthu wina amene simukumudziwa, mwina wamasiye, mwina wa ku Joni amene akugona m'chisakasa kuti amange kwawo. Mabelo anu akagulidwa chaka chino, musanapite kukaona njinga kapena malata, yambani mwaitana mmisiri uja mumulipire yake yonse.